Mpira Wofiira, Mpira Wakuda

Kuala Lumpur
18 Januwale 1998

Merly wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi Ronel ndi kamtsikana kathu Jinky. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kutchalitchi? Ine kuno ndili bwino, kungoti kachifuwa kaja ka chaka chatha sikanatheretu. Kumpare wanga Santoy, mnzanga wa pa ubatizo wa Ronel uja amene timaitanana kuti Pare, nayenso ali bwino, akudya ngati anthu awiri monga umamudziwira. Ukamuuze mkazi wake Nening kuti asade nkhawa.

Ndalama ndatumiza Lachiwiri. Ukaona kuchepa usaganize kuti ndayamba mowa, Day wanga wokondedwa. Maola owonjezera aja anatichotsera. Anthu kuno alibe ndalama zoponyera bolingi, masewera aja ogwetsa mapini ndi mpira, ndiye kuntchito kwathu njira zina zoponyeramo mpira zimakhala tsiku lonse magetsi ali chizimire.

Za chilala wandiuzazo zandisowetsa mtendere. Ngati mpunga wapsereratu, wapsa basi, koma njati yathu yolimira ija usagulitse. Mlongo wako akabweranso ndi nkhani yoti ali ndi munthu wofuna kugula, umuuze kuti mwini wake sanafe. Ronel mwezi wa Juni ayenera kulowa sekondale, zivute zitani. Nsapato umugulire zokulirapo pang'ono.

Tsopano pali kankhani. Tinalipo alendo asanu ndi mmodzi pantchito pano, anayi anapita kwawo Khirisimasi isanafike. Tatsala ine ndi Santoy. Dzulo bwana Khoo anatiitanira mu ofesi mwawo, natipatsa tiyi. Bwana akakupatsa tiyi, dziwa kuti zinthu sizili bwino.

"Anyamata," anatero, "ziphaso zanu zogwirira ntchito zikutha mu Meyi. Ine ndingakwanitse kukonzetsa chimodzi chokha."

Santoy anaseka. "Ndiye mutidule pakati, bwana. Ine mutenge manja, kwa Dadong mutenge pakamwa."

Bwana sanaseke. Akuti amene atsaleyo azigwira ntchito zathu zonse ziwiri, yanga yothira mafuta m'njira m'mawa ndi ya Santoy yosamala makina oimika mapini kumbuyo. Pamwamba pa izo aziphunzitsanso makasitomala kuponya, chifukwa mphunzitsi uja anamuchotsa. Ndiye akufuna munthu wodziwa kuponya. Mmene asankhire sananene, akuti akuganizabe.

Kwa Nening usatchule kanthu. Santoy alembe yekha. Mwina bwana asintha maganizo, ndi munthu wosachedwa kutembenuka.

Undipsompsonere ana.

Ndine wako,
Dadong


Kuala Lumpur
8 Febuluwale 1998

Merly wanga,

Moni wochokera kutali. Ndamva kuti Jinky anadwala m'mimba. Madzi a pachitsime chija muziwiritsa, pachilala chotere mumatsala matope okhaokha. Ine ndili bwino.

Bwana sanasinthe maganizo. Wasankha njira yoti munthu wamisala ya bolingi yekha ndi amene angaiganize. Pa 3 Meyi ine ndi Santoy tidzaponya magemu asanu ndi imodzi, iye akuonerera. Wochuluka mapointi atsala, winayo akwera ndege. Akuti motero palibe adzanene kuti anakondera.

Ndikudziwa chimene ukuganiza, kuti Dadong uja ankagonjetsa anthu onse kwathu ku Pototan pa bolingi ya kuseri kwa msika, ndiye akuopa chiyani? Day, bolingi ya kuno si ija ya kwathu ya timipira tokwana m'dzanja. Mpira wa kuno ndi wolemera ngati mwana wa miyezi isanu, ndipo uli ndi mabowo atatu olowetsa zala. Suuponya molunjika ayi. Umautumiza cha kumbali, uziterereka pa mafuta amene ine ndimathirawo, ndiye ukafika pouma chakumapeto umakhota n'kukalowa m'mapini cham'mbali. Kukhotako ndiye nkhani yonse. Mipira ya panyumba imene timabwereketsa makasitomala sikhota, ndiye aliyense wa ife ayenera kugula wake.

Tinapita kukashopu ka Ankolo Foong, mkulu uja woboola mipira pafupi ndi khomo. Anatiikira iwiri patebulo. Wakuda ndi wa 350 ringgit. Umayamba kukhota msanga koma pang'onopang'ono, mofatsa, moti umauona kumene ukupita. Wofiira ndi wamakono, wa 620. Umenewo umapita ngati sukufuna kanthu, mpaka uganize kuti ukugwera m'ngalande, kenaka mwadzidzidzi thembenu! Mapini onse khumi balala.

"Wofiirawu ukakukonda, palibe angakugwire," anatero Ankolo. "Ukakuda, udzalira pagulu. Wakudawu sungakudabwitse, pa zabwino kapena pa zoipa."

"Ndiye inu mungatenge uti, Ankolo?"

"Ine ndine wogulitsa, ndingakonde utenge wodulawo. Koma uli ndi ana angati?"

Santoy sanachedwe n'komwe. "Ndipatseni wakudawo. Ine ndinakwatira mkazi wofatsa, sindinadandaulepo. Pare, iwe tenga wofiirawo, unazolowera kale zaukali kunyumba."

Usakwiye, Day, ukumudziwa pakamwa pake. Ine ndinaseka nawo, koma mtima unali pa wofiira uja. Ndinaunyamula, ndinaubweza, ndinaunyamulanso, mpaka Ankolo anati ndiulipire lendi.

Chovuta n'chakuti mpira akauboola molingana ndi zala zako, wathera pomwepo. Subwezedwa, ndipo wina sangauponye bwino. Ndiye ndiyenera kusankha kamodzi kokha.

Mwezi uno nditumiza zocheperako. Ngongole usatenge kwa aliyense, gulitsa nkhuku zingapo.

Ndine wako,
Dadong


Kuala Lumpur
1 Malichi 1998

Merly,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndaiwerenga katatu. Ndasangalala kuti Jinky wachira. Ine ndili bwino, kungoti chakudya sichikulowa kwenikweni.

Wandikalipira kuti ndingaganize bwanji zotaya ndalama ya matumba a mpunga pa mpira, ana akudya chinangwa. Ukunena zoona. Koma tandiuza, Day, ndikabwera mu Meyi chimanjamanja, tidzadya chiyani? Munda uli ng'aa. Ndikakhale pansi pa mtengo wa mango ndi amuna anzanga tizikambirana za mitambo? Mpirawo si choseweretsa, ndi khasu langa.

Wanenanso kuti iwe ndi Nening munalira limodzi, ndipo mwagwirizana kuti aliyense amene apambane azithandiza banja la mnzake. Akazi inu mumaganiza bwino. Koma malipiro a kuno sakwana mabanja awiri, ndipo mwana wawo Luzviminda ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino. Tisanamizane.

Santoy wake wakuda uja anaboola kale. Amaponya masana aliwonse pa nthawi yake yopuma, chifukwa m'mawa amakhala akupaka girisi kumbuyo. Ine nthawi yanga ndi m'mawa. Ndimayamba kuyendetsa makina a mafuta seveni koloko, pofika naini ndamaliza njira zonse makumi awiri ndi zinayi, ndiye ndimatsala ndi ola limodzi tisanatsegule. Ankolo Foong anandibwereka mipira iwiri yoyesera, yakale, ya mitundu yonse iwiri. Mabowo ake ndi aakulu kwa ine koma ndikutha kuona khalidwe lake.

Wakuda ukundinyasa. Ndikauponya umangoterereka ngati munthu waulesi, kufika kumapini utatopa kale, n'kusiya awiri kapena atatu ali chiimire. Wofiira, mayi wanga iwe! Lachinayi ndinagwetsa onse khumi kasanu motsatizana. Mayi wosesa uja, Kak Zaiton, anasiya tsache n'kuwomba m'manja.

Komabe ndikafuna kukaugula, ndimazengereza. Ndimakumbukira funso la Ankolo lija la ana. Dzulo ndinafika mpaka pakhomo pa shopu, ndalama zili m'thumba, n'kubwerera. Iwo anandiona.

"Dadong, ukudikira kuti mipirayi ikufunsire yokha?"

"Ndikuganizabe, Ankolo."

"Wayesera masana?"

"Masana ndimakhala pakauntala yobwereketsa nsapato. Komanso njirazi ndimathira ndine, ndikuzidziwa ngati chikhatho changa."

Anangoti "Ehe," n'kupitiriza kupala mpira wa munthu.

M'chipinda mwathu zinthu zasintha pang'ono. Timaphikabe limodzi, timadyabe limodzi, koma nkhani ya bolingi sitiitchula. Santoy akayamba nthabwala ndimaseka mochedwa. Munthu amene ananyamula Ronel pa ubatizo, lero ndikumuwerengera mapointi mumtima. Sindikudzikonda masiku ano.

Denga la khola la nkhumba lija likonzedwe mvula isanabwere, ngati ibwere n'komwe.

Ndine wako,
Dadong


Kuala Lumpur
22 Malichi 1998

Merly wanga wokondedwa,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino kwambiri, chifuwa chinatha, ndipo ndikudya mpaka Santoy akudandaula.

Ndagula wofiira! Usayambe kukalipa, tamvera kaye. Ankolo anandichotserako 40 ringgit, kuboola sanandilipiritse. Anandiyeza zala ndi kachitsulo kawo, n'kundifunsa komaliza kuti, "Watsimikiza? Ndikalowetsa chobooleramu palibe kubwerera." Ndinati boolani. Fumbi lofiira litayamba kutuluka, mtima unakhala pansi koyamba m'miyezi iwiri.

Day, ukanaona! Tsopano poti mabowo ndi a zala zanga, mpirawu ukundimvera ngati galu wanga. Sabata ino m'mawa uliwonse sindinatsike pa mapointi 200 pa gemu. Lachisanu ndinapeza 247. Santoy ndamva kuti masana amazungulira pa 180, tsiku labwino 190. Werengera wekha.

Bwana Khoo anafika molawirira tsiku lina n'kundipeza ndikuponya. Anaima kumbuyo manja ali m'thumba, n'kuti, "Wah, Dadong, mpira umenewu makasitomala akauona adzafuna uwaphunzitse." Ndinayenda tsiku lonse ngati ndakwezedwa kale.

Ngakhale Santoy anabwera kudzaona, manja ali bii ndi girisi. Anaonerera katatu n'kuimba mluzu.

"Pare, ukukhota ngati kabasi ka jipini kothawa apolisi."

"Ukuopa?"

"Ine? Ndikungowamvera chisoni mapini."

Anandimenya paphewa n'kubwerera kumbuyo kwake, koma sanayimbe nyimbo monga amachitira. Ndinamumvera chisoni, osanama. Koma ndingatani? Wina ayenera kutsala.

Ronel umuuze kuti akonzekere sekondale. Ukapita ku Iloilo ukafunse mtengo wa yunifomu, undilembere. Kwa Nening za mapointizi usanene.

Ndine wako amene akukusowa,
Dadong


Kuala Lumpur
12 Epulo 1998

Merly,

Pasaka wabwino kwa iwe, ana ndi amayi. Ine ndinapita ku Misa ya m'mawa ndi Santoy. M'thupi ndili bwino.

Pepa kuti ndakhala chete masabata atatu. Ndinayamba kalata kawiri n'kung'amba.

Bwana analengeza kuti mpikisano uja udzayamba folo koloko madzulo, chifukwa Lamlungu m'mawa kumakhala ligi ya amayi, kenaka mabanja ndi ana awo. Nditamva, ndinapempha Kak Zaiton andigwirire kauntala ya nsapato kuti ndiyesere nthawi yomweyo. Aka kanali koyamba kuponya wofiira wanga dzuwa litapendeka.

Day, sindinauzindikire. Ndinaponya monga mwa masiku onse, pamalo pomwe ndimaponya. Mpira unakhota usanafike n'komwe pakati pa njira, n'kudutsa kutsogolo kwa mapini, kukagwetsa atatu a kumanzere. Ndinasuntha, ndinaponyanso. Unalowa pakati penipeni pa mapini n'kusiya awiri, wina uku wina uko, oti ngakhale mngelo sangawagwetse limodzi. Ndinawonjezera mphamvu, unapita m'ngalande. Gemu yoyamba 138. Yachiwiri 129. Tiana ta sukulu pa njira yoyandikana tinkandiseka.

Ndinathamangira kwa Ankolo Foong, thukuta lili kamukamu.

"Ankolo, mpira uja wawonongeka!"

Sanaugwire n'komwe. "Mpira uli bwino. Mafuta ako aja umathira seveni koloko, ukuganiza kuti amakudikira mpaka madzulo? Mpira uliwonse wodutsapo umanyambitako. Pofika folo koloko njira imakhala youma. Wofiirawu umafuna mafuta kuti usungire ukali wake kumapeto. Pouma umalusa msanga."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakufunsa ngati wayesera masana. Unati njira ukuzidziwa ngati chikhatho chako."

Zaka zinayi ndakhala ndikuthira mafuta m'njira zimenezi, koma ndimazidziwa zili zatsopano zokha, munthu asanaponyepo. Ndili ngati wophika amene sanaonepo chakudya chake chitazizira. Santoy, amene sanagwirepo makina a mafuta, ndi amene amadziwa njira zenizeni, chifukwa amaponya masana. Wakuda wake uja pouma ndiye kwawo. Umangobwera mwakachetechete, 185, 190, tsiku ndi tsiku.

Ndinafunsa ngati angandisinthire. Anangondionetsa mabowo atatu aja. Kugula wina sindingathe, ukudziwa chimene chatsala. Anaupukuta ndi mankhwala kuti uziterereka pang'ono, zathandiza koma osati kwenikweni. Dzulo ndinapeza 155.

Yunifomu ija usagule kaye. Ronel usamuuze chifukwa chake, ungoti masitolo sanabweretse saizi yake.

Ndine,
Dadong


Kuala Lumpur
26 Epulo 1998

Merly wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo.

Wandilembera mawu abwino, kuti ndikalephera ndingobwera, tidzaona chochita, anthu safa ndi manyazi. Zikomo, Day. Koma m'kalata yomweyo wanena kuti chitsime chauma ndipo mukukatunga kwa a Dequilla, kuti njati yaonda nthiti kuwerengeka, kuti Ronel wakuta kale makope ake ndi mapepala a kalendala. Ndiwerenge ziti, ndisiye ziti?

Kwatsala sabata imodzi. Ndayesa zonse. Ndaima kumanzere kwenikweni, ndaponya mwamphamvu mpaka dzanja latupa, ndayesa kuwongola mkono kuti mpira usazungulire kwambiri. Tsiku labwino 170. Sizikwana.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi Santoy. Akanakhala wonyada bwenzi zili bwino. Lachitatu anabwera pa nthawi yake yopuma, m'malo moyesera yekha anakhala pambuyo panga kundiwongolera.

"Sunthira matabwa ena awiri a pansipa, Pare. Usaukakamize, ulekerere."

"Ukundithandiziranji? Ukufuna kupita kwanu?"

"Ndikufuna ndikugonjetse uli munthu, osati uli mtembo. Ponya."

Kenaka anati tibwerekane wakuda wake, tiziponya mosinthana pa tsikulo. Ndinalowetsa zala. Ukudziwa manja ake ngati nthochi, chala changa chinkangosambira m'bowo. Tinaseka mpaka misozi, koma yanga sinali ya kuseka kokha.

Bwana wanena kuti tidzaponyera pa njira 15 ndi 16, zimene zili kutsogolo kwa ofesi yake. Tsikulo mafuta ndidzathira ndine m'mawa monga mwa masiku onse, palibenso wina wodziwa makinawo. Ndimakhala ndekha pa njirazo nthawi imeneyo. Makinawo ali ndi kakoloko kosinthira kuchuluka kwa mafuta ndi kutalika kwake. Sindikudziwa chifukwa chimene ndikukuuzira zimenezi.

Wanena kuti iwe ndi Nening mukayatsa makandulo limodzi pa 3 Meyi. Iye akayatse. Iwe usandiyatsire, Day, ndipo usandifunse chifukwa. Ngati ungathe, tsikulo ukhale pakhomo.

Ndatumiza zochepa zimene ndinali nazo. Ugulire njati chakudya.

Dadong


Kuala Lumpur
10 Meyi 1998

Merly,

Moni kwa iwe, ana ndi amayi. M'thupi ndilibe vuto.

Kalata ino sinadzere ku positi. Wakupatsira pamanja ndi Santoy, ndiye wadziwa kale mmene zinathera. Chiphaso changa akuchikonza, zaka ziwiri. Yunifomu ya Ronel ukagule. M'katoni muli nsapato zake, nsalu yako, mankhwala opaka a amayi ndi chidole cha Jinky. Zonsezi wanyamula ndi Santoy, ndipo anasiya zina mwa zovala zake kuti katoni yathu ikwane pa sikelo.

Anthu akuuza kuti ndinapambana ndi mapointi 94. N'zoona. Koma iwe ndikuuza zinazo, chifukwa ndikapanda kuuza munthu ndiphulika.

Lamlungu lija m'mawa ndinathira njira zonse monga mwa nthawi zonse. Nditafika pa 15 ndi 16 ndinapotoza kakoloko kaja, ndipo makina ndinawayendetsa kawiri. Ndinaima kaye pang'ono ndisanatero, sindinganame kuti dzanja linachita lokha. Kenaka ndinauza a pakauntala kuti njira ziwirizo asapatse munthu, bwana akufuna zikhale zoyera. Bwana sananene zimenezo. Pofika folo koloko njira zina zonse zinali zouma, ziwiri zathuzo zili noninoni ngati m'mawa.

Anayamba kuponya ndi Santoy. Wakuda wake unaterereka osakhota ngakhale pang'ono, n'kukagwetsa anayi a kumanja. Mpira utabwerera anaunyamula, n'kupititsa chala pamwamba pake. Anayang'ana chalacho. Chinali chonyezimira. Kenaka anayang'ana ine. Day, sanakwiye, sanatukwane. Anangondiyang'ana ngati akuwerenga chikwangwani chakutali.

Ankolo Foong anali atakhala kumbuyo. Ataona mpira wanga woyamba ukupita mpaka kumapeto n'kuthyoka mwaukali, onse khumi pansi, ananyamuka n'kukalowa m'shopu mwawo. Mpaka lero sanandilankhule.

Itatha gemu yachiwiri bwana anayamba kukayika, si mwana pa bolingi.

"Santoy, mpira wako sukugwira bwanji lero? Njirazi zili bwino?"

Akanangoti tiyeni tisamukire pa 17 ndi 18, zanga zikanathera pomwepo, ndipo bwana akanandithamangitsa tsiku lomwelo ngati wakuba. Santoy anapukuta mpira wake ndi kathawulo, pang'onopang'ono.

"Njira zili bwino, bwana. Ndi dzanja langali, lagona."

Anaponya magemu onse asanu ndi imodzi mpaka kumaliza, osadandaula. Potha anandigwira chanza pamaso pa anthu onse. Tili awiri pochotsa nsapato anati, chapansipansi, "Wathira bwino lero, Pare."

Ndinati, "Santoy, ndi..."

"Usanene. Ukanena ndiyenera kuyankha."

Sabata yonseyi waphika ndi iye, wandionetsa makina a kumbuyo amodziamodzi, ati nambala 9 imafuna kuimenya pambali, nambala 21 lamba wake watsala pang'ono kuduka. Wakuda wake wasiyira Ankolo kuti atseke mabowo agulitse. Kawiri ndinanyamuka kupita ku ofesi ya bwana kuti ndikaulule. Kawiri konse ndinafika pakhomo, ndinakumbukira chitsime chouma ndi makope a Ronel, n'kubwerera. Ndiye usandiyese munthu wolapa. Ndikudziwa chimene ndinachita ndipo ndikuchisungabe.

Kuyambira mwezi wamawa ndizitumiza pawiri, gawo lina likhale la sukulu ya Luzviminda. Ukapereke kwa Nening, osati kwa iye, angakane. Sizikwana, ndikudziwa, ndipo sizifafaniza kanthu. Misa yothokoza imene amayi adzafune kuchititsa, uwakanize mwanjira ina iliyonse.

Ngati adzauza Nening, n'zake. Ngati Pototan yense adzamva, usanditeteze. Kalatayi sindinaimate n'komwe, palibe chimene chili muno chimene iye sakuchidziwa.

Ndikudziwa mmene zikhalire. Afika pakhomo atanyamula katoni paphewa, aitana Ronel kuti adzayese nsapato, ayamba nthabwala zake. Iwe udzakhala ukuwerenga izi iye ali pompo. Umupatse mpando, umupatse madzi, ngakhale ndi otunga kutali. Ukamaliza kuwerenga usathawire kukhitchini, Day. Umuyang'ane kumaso m'malo mwanga. Ine ndakhala naye chipinda chimodzi masiku asanu ndi awiri, ndalephera.

Ndine mwamuna wako, ngati ukundifunabe choncho,
Dadong